Mukakhazikika, Alamu

Kunali m'mawa, dzuwa lisanatuluke m'mitambo, chiperoni chikuwaza pa madenga, tsiku limene anandisudzula. Ndinakwatira chikamwini, kwawo kwa mkazi wanga, ndipo iye atamwalira ndinakhalabe pamudzipo mpaka mwambo wonse wa maliro utatha. Tsikulo abale ake anandikhazika pa mphasa pakhonde, nandiuza mwaulemu kuti ndine womasuka. Nditha kubwerera kwathu, nditha kukwatira kwina, palibe mlandu.

Wolankhula anali mlamu wanga, a Likongwe, mchimwene wake wa malemuyo, mwini mbumba. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Mwandida, anali atatsamira chitseko, mano akutsogolo ataguluka.

"Katundu tagawa," anatero a Likongwe. "Kabati ija ndi yanu, alamu. Matabwa ake munagula ndinu."

Kabatiyo inali ya mlombwa, yaitali kuposa ine, ya magalasi kumtunda, momwe mkazi wanga ankasungamo mbale za alendo. Ndinaiyang'ana kudzera pakhomo.

"Imeneyo siingakwere basi," ndinatero. "Ikhale. Nanga mwanayu?"

"Mwanayu ndi wathu, ndi wanunso. Koma munthu sanyamula mwana popita kumene sakukudziwa. Mudzamtenga mukakhazikika."

Ndinavomera. Sukulu ndinali nditaphunzira mokwanira, pepala la za makompyuta lili m'chikwama, koma sindinafunse kuti kukhazikikako adzakuonera chiyani. Onse pakhondepo anagwedeza mitu ngati mawuwo ndi omveka, ndipo nanenso ndinagwedeza wanga. Ndinanyamula chikwama chimodzi n'kutsikira kumsewu.

Tauni yoyamba inali ya fumbi. Pa depoti panali mayi wogulitsa nthochi amene anandilozera nyumba ya lendi osandifunsa dzina. M'chipindamo munali bedi, zenera, ndi msomali kukhoma. Ndinakoleka chikwama pa msomaliwo. Zovala sindinatulutse, ndinkangotengamo malaya a tsikulo, ndikachapa n'kubwezeramo.

Ntchito ndinaipeza pamwamba pa sitolo ya utoto, mu ofesi ya a Kachere, bambo wonenepa wolankhula pang'onopang'ono. Anthu ena m'menemo ankapanga tsamba la pa intaneti loti munthu azigulirapo tikiti ya basi. Ife awiri tinkalemba pulogalamu ina yochita ngati munthu. Imatsegula burawuza, chija timaonera masamba a pa intaneti, imalemba dzina, imadina batani, n'kuona ngati tsambalo layankha moyenera. Likayankha bwino, pa sikirini pamatuluka mzere wobiriwira. Likalakwitsa, wofiira. Zimenezi tinkazitcha mayeso.

Mayeso anga oyamba onse anafiira, chonsecho tsambalo linalibe vuto. A Kachere anaseka mpaka mpando unalira.

"Makina ndi aphuma, bwanawe. Munthu akadina batani amapinda manja n'kudikira. Awa ayi. Akufuna tikiti tsamba lisanaibweretse, basi akukuwa kuti kulibe."

"Ndiye timatani?"

"Timawagoneka. Lembani apa: gona masekondi asanu. Akadzuka apeza zonse zapsa."

Ndinalemba, ndipo mizere inabiriwira. Koma m'tauni imeneyo mphepo ikawomba netiweki inkayenda ngati ng'ombe yotopa, tikiti n'kufika makina atadzuka kale. Ndikawauza, a Kachere ankangoti, "Onjezani tulo." Ndinkaonjeza. Tsiku la netiweki yabwino makinawo ankagonabe tulo tonse tomwe tinawalembera, tikiti ili poyera pa sikirini ikuwayang'ana. Mayeso amene poyamba ankatha tiyi asanazizire anafika poyamba m'mawa n'kutha mithunzi itatalika. Opanga tsamba aja analeka kutidikira. Ankatulutsa ntchito yawo osaiyesa, ife tili pakona, makina ali m'tulo, a Kachere nawonso akusinza pa mpando wawo.

Sindikumbuka kuti ndinakhalako nyengo zingati. M'mawa wina ndinakwera masitepe n'kupeza mu ofesi muja aunjikamo matumba a feteleza mpaka kudenga. Munthu amene ankawerenga matumbawo anati za makompyuta sakuzidziwa.

Ndinaimbira foni mlamu wanga, monga ndinkachitira mwezi ukatha.

"Kuno tili bwino, alamu," anatero. "Mwana wanu akukula ngati chimanga cha pachulu."

"Kodi nthawi yakwana?"

"Muli kuti tsopano?"

"Ndikuchoka kuno. Ndamva kuti kumapiri kuli ntchito yabwinoko."

"Ehe. Mukakhazikika, alamu."

Tauni yachiwiri inali yozizira, ya nkhungu, misewu yake yonse yokwera. Pa depoti panali mayi wogulitsa nthochi. Mwina anali yemwe uja, mwina mng'ono wake. Anandilozera nyumba ndi chibwano. Bedi, zenera, msomali. Zeneralo linkayang'ana phiri, koma phirilo ndinkaliona mwa apo ndi apo.

Kumeneko ndinagwira ntchito kwa mayi Kholowa, munthu wa juzi yofiirira amene sankakonda kubwereza mawu. Ofesi yawo inkasamalira tsamba limene magulu a alimi ankaitanitsirapo mbewu. Ataona mayeso anga a tulo anavula magalasi.

"Zogonekazi mwazitenga kuti? Kuno sitigona. Tili ndi kamthandizi."

Kamthandizi ndi kachigawo ka pulogalamu kamene umakalemba kamodzi, kenako n'kumakaitana paliponse pamene ukukafuna, m'malo molemba zomwezo kambirimbiri. Ka mayi Kholowa dzina lake kanali Dikira. Ukakauza chinthu, kaya batani kaya bokosi la mawu, kankasuzumira pa tsamba, n'kufunsa kuti, chaoneka? Ngati ayi, kankapuma pang'ono n'kufunsanso. Chikangooneka, mayeso ankapitirira nthawi yomweyo. Netiweki ikafulumira, kankafulumira. Ikachedwa, kankapirira.

Ndinakakonda kamthandizi kameneko. Madzulo ndikamabwerera m'nkhungu ndinkakaganizira ngati mmene munthu amaganizira mnzake wofatsa. Koma funso lake linali limodzi lokha, lolembedwa m'mimba mwake, ndipo mayi Kholowa anati, "Aka sitikhudza. Kamagwira ntchito."

Pa tsambalo, mlimi akaitanitsa mbewu, pankatulukira kabokosi kolembedwa kuti talandira. Mayeso athu ankadina batani, n'kutuma Dikira kuti kadikire kabokosiko. Nyengo ina opanga tsamba anasintha zinthu. Kabokosi kaja kanaleka kubisika. Kankangokhala pomwepo nthawi zonse, kali ndi uthenga wa munthu amene anaitanitsa poyamba. M'kusintha komweko china chinaduka m'kati, moti zoitanitsa zatsopano sizinkafika kosungira mbewu. Mayeso athu ankadina batani, Dikira n'kufunsa kuti, chaoneka? Inde, chinali chitaoneka kale. Mzere unkabiriwira m'mawa uliwonse, ife n'kumamwa tiyi.

Tinadziwa mvula itagwa. Anafika bambo wina wa gulu la alimi, nsapato zili matope, chipewa chili m'manja. Sanakalipe.

"Mayi, ife tinadina. Chinatiuza kuti talandira. Anzathu adzala, ife tikungoyang'ana kumsewu. Kodi analandirayo ndani?"

Bamboyo atapita, mayi Kholowa anati: "Sitinayenere kudikira kuti bokosi lioneke. Tinayenera kudikira kuti mawu a m'bokosimo asinthe."

"Dikira sikadziwa funso limenelo," ndinatero.

"Lembani kena."

Ndinalemba Dikira wachiwiri, wodikira mawu kuti asinthe. Kenako panafunika wodikira kagudumu kamene kamazungulira tsamba likamabweretsa zinthu kuti kachoke, ndiye wachitatu. Wodikira batani kuti lilole kudinidwa. Wodikira tsamba lina kuti litseguke. Wodikira zinthu ziwiri pamodzi. Aliyense ndinkamukopera kwa mnzake n'kusintha mzere umodzi wa funso. Anachuluka ngati mabenchi a tomato pamsika, onse ofanana, ndipo munthu ukafuna mmodzi unkayenda mzere wonse n'kutenga wolakwika. Tikakonza cholakwa mwa mmodzi, chinkatsala mwa ena onse.

Alimi aja anapita kwina. Ofesi inachepa, ndipo wobwera pomaliza ndiye anayamba kutuluka. Mayi Kholowa anandigwira chanza pakhomo, nkhungu ikulowa pakati pa miyendo yathu.

"Muli kuti tsopano?" anafunsa a Likongwe pa foni.

"Pa depoti."

"Ehe. Mwana wanu mano anamera onse. Akuti m'kalasi mwawo masamu amamuopa ndi iyeyo."

"Kodi nthawi..."

"Mukakhazikika, alamu."

Panali matauni ena pambuyo pake. Ya fodya, imene fungo lake linkalowa m'chikwama. Ya pamalire a dziko, kumene foni inkalankhula zinenero ziwiri. Ina ya msewu umodzi, imene ndinaidutsa kawiri osazindikira kuti ndi yomweyo, mpaka msomali wa kukhoma unandikumbutsa. Kulikonse kunali masamba ofuna kuyesedwa, ndipo kulikonse ndinapeza makina ogona kapena gulu la a Dikira. Ndikamva za malo a malipiro abwinoko, kapena nyumba ya zipinda ziwiri, ndinkapita, poganiza kuti mwina kumeneko ndiye kukhazikika kumene mlamu wanga ankanena. Za mkazi wanga sindinkalankhula ndi munthu. Nthawi zina m'basi ndinkaona kumbuyo kwa mutu wa mayi wina, duku lomangidwa mwa njira yake ija, ndiye ndinkayang'ana panja mpaka titafika.

Tauni yomaliza inali ya m'chigwa, yotentha, yozunguliridwa ndi minda ya nzimbe. Inali ndi njanji imene sitima sinkadutsapo. Mayi wa nthochi pa depoti anali atakalamba, ndipo nthochi zake zinali zitada ndi dzuwa. Anandiyang'ana nati, "Mwabweranso," ngakhale kuti kumeneko ndinali ndisanafikeko.

Ofesi inali kuseri kwa chigayo. Tinkayesa tsamba limene anthu ankasungitsirapo malo okaonana ndi dokotala ku zipatala zing'onozing'ono za m'chigwamo. Mnzanga pa ntchitoyo anali a Elube, mayi wa msinkhu wanga, wamtali, amene ankamung'unya malambe tsiku lonse n'kumalavulira njere m'kachitini. Tsiku loyamba ndinawaonetsa a Dikira anga onse, amene ndinkayenda nawo tauni ndi tauni.

"Achimwene, mwaweta ziweto," anatero. "Zimadya chiyani zonsezi?"

Ananditsegulira wawo. Anali mmodzi yekha, waufupi. Ndinawerenga m'kati mwake kufunafuna funso, koma munalibe.

"Aka kakudikira chiyani?" ndinafunsa.

"Sikadziwa. Si ntchito yake kudziwa. Wodziwa ndi inu amene mukukatuma."

"Ndiye kadziwa bwanji kuti kaleke?"

"Mumakapatsa zinthu ziwiri pokaitana. Choyamba chizindikiro. Chizindikiro ndi kafunso koti kayankhidwe inde kapena ayi. Batani laoneka? Kagudumu kachoka? Mawu asiyana ndi akale? Kafunsoko mumakalemba inuyo pomwe mwaimapo, pa mayeso anuwo, n'kukapatsira kamthandizi m'manja ngati phukusi. Iko kamangofunsa, kupuma, kufunsanso. Chachiwiri malire. Nthawi imene mwakapatsa ikatha inde asanabwere, kamaleka, kamafiira, n'kunena chimene kamadikira."

"Funso lililonse?"

"Lililonse loyankhika. Mlonda wa pa geti simumuuza tsiku lomulemba ntchito kuti moyo wake wonse azitsegulira ovala zipewa okhaokha. Lero mumamuuza kuti kukubwera wa njinga yofiira. Mawa, wa mbuzi. Mlonda ndi yemweyo, geti ndi lomwelo." Analavula njere. "Ziweto zanuzi mugulitse."

Ndinazifufuta zonse masana amenewo. Mayeso a kabokosi ka mayi Kholowa ndinawalembanso mumtima: tenga mawu akale, dina batani, patsa kamthandizi funso lakuti, mawu asiyana ndi akale aja? Unali mzere umodzi. Ndinaganizira bambo wa nsapato za matope uja, kenako ndinapitiriza ntchito.

Pakona ya ofesiyo panali kompyuta yakale imene palibe ankaigwiritsa ntchito, koma inali yoyaka nthawi zonse. Pa sikirini yake kadontho kankathwanima. Patapita nyengo ndinafunsa.

"Amenewo ndi mayeso a munthu amene analipo ine ndisanabwere," anatero a Elube. "Anapatsa kamthandizi chizindikiro, malire anasiya posalemba. Kakudikira batani limene analichotsa pa tsamba kalekale. Kakufunsabe mpaka pano. Magetsi akazima, ikayakanso kamayambiranso."

"Bwanji osakazimitsa?"

"Ndimaphunzitsira alendo. Komanso tazolowerana."

Kutentha kunafika pachimake, masamba a mitengo atayoyoka, anthu akuyang'ana kumwamba. Mwezi unatha, ndipo ndinatuluka pakhonde la ofesi kukaimba foni.

"Alamu, mwachita bwino kuimba," anatero a Likongwe. "Pali nkhani. Mwana wanu watsiriza pulayimale. Mayi ake aang'ono, aja anakwatiwa kutsidya kwa malire, amupempha. Akuti kumeneko sukulu ili pafupi. Amabwera kuno kudzadzala munda wawo mvula yoyamba ikagwa. Pobwerera apita naye."

"Nanga ine?"

"Inu tinanena kale. Mukakhazikika. Koma mwana sadikira kukula, alamu."

Nditalowa, a Elube sanadziyese ngati sanamve.

"Ameneyu ndani, mumamuimbira mwezi ndi mwezi kumufunsa funso lomwelo?"

Ndinawauza mwachidule. Aka kanali koyamba kutchula mkazi wanga kwa munthu wa m'matauni amenewo, ndipo ndinamutchula ngati mmene munthu amatchulira dzina la mudzi.

"Chizindikiro chake n'chiyani?" anafunsa.

"Kukhazikika."

"Achimwene, mwagwira ntchito pano nyengo yonseyi. Chimenecho chingayankhidwe inde kapena ayi?"

Pakona kadontho kaja kankathwanima.

"Malire ndiye akupatsani," anatero a Elube. "Pitani mukatenge chinacho. Mayeso ndiyendetsa ndekha, sindinayambe lero."

Mudzi ndinaupeza pomwe ndinausiya, koma mitengo ya mapeyala inali itadutsa madenga. A Likongwe anali ndi imvi. Anandikhazika pa khonde lomwe lija, mwina pa mphasa yomwe ija. Titalonjerana ndinawafunsa.

"Alamu, tsiku lija munati mukakhazikika. Ndinalakwa osafunsa. Mukadzaona chiyani ndiye mudzati munthuyu wakhazikika?"

Anakanda m'mutu. Anayang'ana nkhuku, kenako ine.

"Ndi mmene timanenera, alamu. Bambo anga ananenanso chimodzimodzi kwa mkamwini wina."

"Koma inuyo mumadikira chiyani?"

"Kaya. Ine ndimati tsiku lina mudzaimba kawiri katatu muli malo amodzi. Koma ndikafunsa kuti muli kuti, lero kufumbi, mawa kumapiri, mkuja pa depoti. Ndiye ndimati munthuyu akadayendabe."

"Ndimayenda kufunafuna malo oti inu muwavomereze."

"Aa." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Ndiye inu mumathamangitsa mthunzi, ine ndikudikira kuti muime. Takalamba nazo zopusa."

"Ku ntchito kwathu," ndinatero, "chizindikiro amanena ndi amene akudikirayo. Pano amene wadikira kwambiri si inu, si inenso."

A Likongwe anatembenukira kukhomo. "Mwandida. Tabwera kuno, iwe. Usadziyese ngati ukusesa, tsache silikumveka."

Anatuluka mtsikana wamtali, nagwada chapatali pang'ono. Mayendedwe anali a mayi ake. Ndinayang'ana mphasa kaye, kenako ndinamuyang'ana iye.

"Mwayenda bwanji, bambo?"

"Ndayenda bwino, mwanangu. Wamva zimene tikukambazi?"

"Ndamva."

"Ndikufuna ukakhale ndi ine. Koma sindikufuna kukunyamula ngati katundu. Unene wekha chimene ukachiona udzati bambo akhazikika. Chikhale chinthu chooneka ndi maso."

Sanachedwe kuyankha, ngati kuti yankholo analisunga kale penapake.

"Ine zokhazikika sindizidziwa. Koma kabati ya amayi ndimaipukuta ndine. Ikakaima m'nyumba mwanu, mbale zili m'kati, ndidzakhala nanu."

"Kabati?" anatero a Likongwe. "Osati nyumba ya malata, osati sukulu?"

"Tsiku lija bambo ananena okha kuti siingakwere basi. Ndinali pachitsekopo, ndinamva." Anatembenukira kwa ine. "Mvula ikagwa kabati ikadali pano, ndipita ndi amayi aang'ono. Sindidzakwiya."

Kumwamba, cha kum'mawa, mitambo inali itayamba kuunjikana.

Lole yoyamba imene ndinaipeza inakana, ati kabati yotere imabweretsa tsoka pa matayala. Yachiwiri inali yonyamula mbatata, yodzaza. Yachitatu inkatsikira kuchigwa yopanda kanthu kukatenga shuga, ndipo dalaivala wake anavomera atamva kuti ine ndikhala kumbuyo kuigwirira. Tinainyamula amuna asanu ndi mmodzi, a Likongwe akulamula osagwira. Mbale zinalibe chokulungira. Ndinatsegula chikwama changa n'kutulutsa zonse, malaya, mathalauza, juzi ya kumapiri, ndipo Mwandida anakulunga mbale imodziimodzi m'zovalazo. Chikwamacho chinatsala chopanda kanthu, chopepuka ngati chikopa cha njoka.

"Ife tibwera pa basi kudzaona," anatero a Likongwe. "Mwana akati ayi, ndibwerera naye."

Ulendowo sindiukumbuka mwa dongosolo. Ndinaima kumbuyo kwa lole, chifuwa chili pa kabati, manja atatambasuka, fungo la mlombwa ndi la sopo wa mkazi wanga likutuluka m'ming'alu. Mitambo inkatitsatira. Ndikuganiza kuti tinadutsa tauni ya nkhungu, ndipo mayi wa juzi yofiirira anaima m'mbali mwa msewu atavula magalasi. Tinadutsa ya fumbi, ndipo pa zenera la pamwamba pa sitolo ya utoto munthu wonenepa ankasinza. Pa mlatho wina lole inadumpha, ndipo m'kati mwa kabati china chinalira kamodzi. Kumbuyo kwathu kunkagunda, koma dontho silinatigwere.

Kuchigwa kabati inakana kulowa pakhomo. Tinaigoneka, tinaipendeketsa, inakana. Mwini nyumba anabwera, a Elube nawonso anabwera ndi kachitini kawo.

"Achimwene, mwagula nyumba ina yoti muiike m'nyumba?"

"Tichotse felemu ya chitseko," ndinauza mwini nyumba. "Ndibwezeretsa ndekha."

"Mukaibwezeretsa, chinthuchi sichidzatulukanso," anatero iye.

"Ndikudziwa."

Mmisiri anagumula felemu ndi njerwa za m'mbali. Kabati inalowa, niima kukhoma kumene kunali msomali, moti msomaliwo tinauzula. Mmisiri anamanganso khomo. Ndinamasula mbale m'zovala n'kuziika kuseri kwa magalasi mmene ndinkakumbukira. Imodzi, ya maluwa obiriwira, inali itasweka pakati. Zovalazo zinalibenso kobwerera, ndiye ndinazipinda n'kuziika m'munsi mwa kabati, mbali imodzi.

Anafika masana a tsiku lotsatira, kunja kutada ndi mitambo, mphepo ikuzunguza zinyalala za nzimbe mumsewu. A Likongwe anaona simenti yaiwisi pakhomo naimba mluzu.

"Apa ndiye pochoka mudzachita kugwetsa khoma, alamu."

Mwandida analowa ndi kachikwama kake m'manja, naima patsogolo pa kabati. Anaikankha pang'ono kuona ngati ikugwedera. Anatsegula magalasi, nayendetsa chala pa mbale, kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Chala chinaima.

"Ya maluwa obiriwira ija?"

"Inasweka pa mlatho."

Ndinamva dontho loyamba pa malata, kenako lachiwiri. A Likongwe anayang'ana kudenga, ine ndinayang'ana msana wa mwana wanga. Kumudzi kuja anati mbale zili m'kati. Sananene kuti zonse, sananenenso kuti zina. Funso linali lake, ndipo woyankha anali iye.

"Inali ndi mng'alu kale," anatero. "Amayi ankaiika kumbuyo kuti alendo asaione."

Anasuntha mbale zina kutseka mpatawo. Kenako anagwada, natsegula zitseko za m'munsi, naona zovala zanga mbali imodzi. Anatulutsa zake m'kachikwama n'kuziika mbali inayo.

Mvula inagwa yamphamvu mpaka madzulo. A Likongwe anagona pa mphasa, ndipo m'mawa anakwera basi yoyamba kuti akadzale.

Ine ndinaperekeza Mwandida kukaona sukulu ya kuseri kwa njanji, kenako ndinapita ku ofesi, matope akumata nsapato. A Elube anali atafika kale.

"Zabiriwira?" anafunsa osatembenuka.

"Zabiriwira."

"Chabwino. Opanga tsamba asintha pa malo osankhira tsiku. Mayeso atatu afiira."

Ndisanakhale pansi ndinapita pakona. Ndinaimitsa mayeso a pa kompyuta yakale ija, ndinalemba malire pamene panali posalemba, n'kuwayambitsanso. Kamthandizi kanafunsa, kanapuma, kanafunsanso. Nthawi itakwana kanaleka. Mzere unafiira, ndipo pansi pake panatuluka dzina la batani limene kankadikira.

"Mwandiphera chophunzitsira," anatero a Elube.

"Alendo muziwauza pakamwa."

Ndinakokera mpando pa tebulo langa n'kutsegula mayeso oyamba mwa atatu aja. Pa tsambalo, munthu akasankha chipatala, kagudumu kamazungulira kaye masiku asanatuluke. Ndinalemba funso lakuti, kagudumu kachoka? Ndinaika malire, n'kupatsira kamthandizi.